Ndikamaitana amuna anga ndimatchula mwana wa mkazi wina

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala ku Chimwankhunda ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ku Limbe. Loweruka lomaliza la mwezi uno ankhoswe akubwera kwathu kudzakamba mlandu wanga. Mlandu wake ndi wakuti ndinaitana amuna anga ndi dzina lawo pamaso pa anthu. Chonde ndithandizeni tsikulo lisanafike, chifukwa ndilibe wina womuuza. Maina onse m'kalata muno ndasintha.

Amuna anga, tiziti a Laban, kwawo ndi ku Chikwawa ndipo amayendetsa makina pa fakitale ina ku Makata. Tinamanga ukwati woyera zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndi munthu wofatsa, samwa, sanandikwezerepo dzanja. Sanandibisirenso kuti ali ndi mwana wamkazi, Tamara, amene anabereka ndi mayi wina akadali mnyamata. Mayiyo dzina lake ndi Cecilia, amakhala ndi mwanayo ku Nchalo. Ine ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo Tamara ndimamukonda. Akabwera pa holide ndimamuluka tsitsi ndekha.

Tsiku la chilangizo, amayi a kuchimuna ndi amayi a ku mpingo kwathu anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mkazi waulemu satchula dzina la mwamuna wake. Anati ndiziti "bambo a Tamara." Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Izi ndi za kanthawi chabe mwananga. Chaka chamawa mudzakhala ndi dzina lanulanu lowaitanira." Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo.

Aphungu, chaka chamawacho sichinafike. Ndinapita padera kawiri, kachiwiriko mimba ili ya miyezi isanu, ndipo kuchokera pamenepo kuli zii. Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuitana mwamuna wanga ndi dzina la mwana wa mkazi wina. Ndikawaikira madzi osamba, bambo a Tamara. Foni yawo ikalira, bambo a Tamara. Nthawi iliyonse ndikanena mawu amenewa ndimakhala ngati ndikudzikumbutsa ndekha kuti m'nyumba muno ndine mlendo, eniake ali ku Nchalo.

Ndayesapo zina, musaganize kuti ndinangokhala. Anzanga a ku ofesi amuna awo amawatcha "dadi", koma ine ndikati dadi, dadi wa ndani? Ndinayesa "abwana", ndinadzimva ngati wantchito wa m'nyumba. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunena kuti "dalingi". Iwo anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, ati, "Mwayamba kuonera mafilimu anji masiku ano?" Sanatanthauze choipa, koma sindinabwerezenso. Mapeto ake ndinangosiya kuitana. Ndikakhala ku khitchini iwo ali pakhonde, ndimapukuta m'manja, n'kupita pamene ali, n'kuima mpaka atandiona. Iwo amaona ngati ndi ulemu, mpaka amanditama kwa anzawo kuti madamu sakuwa m'nyumba.

Inde, kwa anzawo ndine "madamu". Tikakhala awiri amangoti "inu". Dzina langa ndimalimva ku ofesi kokha. Anansi athu ku Chimwankhunda, pondimva ndikuti bambo a Tamara, anangoyamba kunditcha "make Tamara". Sindinawakonze. Ndiulule, Aphungu, zinkandikomera. Ndinkavomera dzina losakhala langa ngati munthu wotchena chitenje chobwereka.

Mwezi watha kunali chinkhoswe cha mlamu wanga Lines, mchemwali wawo wa amuna anga, ku Nancholi. Cecilia anabwera ndi Tamara, poti mwanayo ndi wa m'banjamo, ndipo ine sindinaonepo cholakwika. Tinalipo amayi ambiri kuseri kwa nyumba tikukonza ndiwo. Mayi wina anaitana kuti, "Make Tamara, tabweretsani beseni lija." Ine ndinadzuka msangamsanga, poti ndinazolowera. Cecilia nayenso anadzuka. Tinaima awiri, beseni lili pakati pathu. Amayi ena anayang'ana pansi, ena anabisa kuseka m'zitenje. Apongozi anga, mayi awo a Laban, anati, "Akuitana amene anabereka." Ndinakhala pansi n'kupitiriza kudula kabichi. Cecilia anangonyamula beseni lija n'kukapereka osandiyang'ana, ndipo pa chimenecho ndimamuthokoza.

Mwambo utatha, cha m'ma 4 koloko masana, ndinapita kukafuna amuna anga kuti tizipita. Anali pansi pa mtengo wa mango ndi amalume awo, a Stafford, ndi akuluakulu ena, apongozi ali pomwepo pa mphasa. Ndinapeza Cecilia atafika kale. Ndinamumva akuti, "Bambo a Tamara, mwana akufuna kutsanzika." Mawu omwewo amene ine ndimanena tsiku ndi tsiku, koma m'kamwa mwake anali oona. Kenako inafika nthawi yanga yoyankhula. Sindikanatha kubwereza mawu amenewo pambuyo pake. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Laban, tiyeni tizipita." Dzina lokhalokha, ngati ndikuitana mwana.

Onse anatembenukira kwa ine. Apongozi anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Mwana wanga wasanduka kondakitala wa minibasi tsopano? Sukulu yake ndi imeneyi?" A Stafford anati nkhaniyi siithera pamenepo. Amuna anga anadzuka, tinayenda mpaka pa siteji osayankhulana. Mu minibasi iwo anakakhala kutsogolo, ine kumbuyo.

Papita masabata atatu. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanandikalipira. Amadya, amathokoza, amapita ku shifiti. Ine ndikaweruka ndimatsika mu tauni dala, n'kumazungulira m'masitolo osagula kanthu, kuti maola okhala m'nyumba yosayankhulana achepe. Mayi anga anamwalira, mchemwali wanga ali ku Joni. Ku Mvano sindinganene, poti ena mwa amene anandilangiza aja ali komweko, ndipo nkhani ikangotuluka pakamwa imakafika ku Chimwankhunda ine ndisanafike. Ndili ndekha, Aphungu, ndipo ndatopa.

Palibe amene akudziwa chifukwa chake, ngakhale amuna anga. Onse akuti ndi mwano wa mkazi wa mu ofesi. Kodi n'zoona ndinawanyoza? Kutchula dzina la mwamuna wako ndi mwano ndithu? Nanga ndikapepesa, ndibwerere kwa "bambo a Tamara" mpaka imfa? Banja langa ndikulifuna.

E.K., Chimwankhunda, Blantyre

Mayi E.K.,

Pepani chifukwa cha ana awiri amene munataya. Ndayamba ndi chimenechi chifukwa m'kalata yanu yonse simunatchule munthu ngakhale mmodzi amene anakupepesanipo, ndipo ndikukayika ngati alipo.

Tsono ku funso lanu. Dzina la munthu si chitukwano. M'Blantyre muno muli mabanja ambiri amene amaitanana Chrispine ndi Ndaziona ali pa mtendere, ndipo mulinso amayi amene amati "abambo" atagwada, mwamunayo akangopotoloka n'kumakamutcha chitsiru kwa anansi. Ndimalandira makalata a abambo odandaula kuti akazi awo amawatcha "madala" kapena "awa", ndi a amayi okwiya kuti amuna awo amati "mkazi wanga" osati "akazi anga". Ndikafufuza, pafupifupi onse amakhala akulira china chimene sanachinene. Inunso n'chimodzimodzi.

Koma sindikunyengererani. Pansi pa mtengo paja munalakwitsa malo. Akuluakulu a kwawo kwa amuna anu anamva ngati mwamuvula malaya mwana wawo pagulu, ndipo amuna anu anachita manyazi pamaso pa amalume awo, pamaso pa Cecilia yemwe. Chimenecho mupepese mosapita m'mbali, simuchepa nacho. Apongozi anunso anakulasani ndi mawu oipa kuseri kwa nyumba kuja, koma umenewo ndi mlandu wina, ndibwerako.

Kulakwa kwanu kwakukulu sikunachitikire ku Nancholi. Mwakhala mukupweteka zaka zonsezi, amuna anu n'kumakutamani kwa anzawo kuti ndinu waulemu. Munthuyo sadziwa, mayi. Adziwa bwanji pamene inu mumaima phee mpaka atakuonani? Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ganiziraninso kuti kusayankhula kwawoku mwina si mkwiyo wokha. Ana awiri aja iwonso anataya, ndipo abambo ambiri akasowa chonena amangodya n'kupita ku ntchito.

Choncho musadikire ankhoswe. Sabata ino, tsiku limene sali pa shifiti, apempheni kuti mutuluke, mukakhale penapake mu tauni pamene palibe wachibale kapena mnansi. Yambani ndi kupepesa za dzina lija. Kenako auzeni za beseni, chifukwa n'kutheka sanamve n'komwe, anali kutsogolo ndi abambo anzawo. Auzeninso zimene mumamva mukamati bambo a Tamara. Zikakuvutani kunena, apatseni nyuzipepalayi awerenge okha. Adzizindikira ngakhale mwasintha maina.

Mukatero mugwirizane awiri mmene muziitanirana. Njira yapafupi imene alangizi anu anaiwala ndi mfunda. Mfunda wa amuna anu mumaudziwa. Ngati ali a Malunga, pagulu muziti "a Malunga". Palibe mpongozi angatsutse ulemu umenewo, ndipo simutchula mwana wa munthu aliyense. Mukakhala awiri, itananani zimene zakukomerani, ngakhale dalingi yemweyo. Akaseka sekani nawo, mawa mubwerezenso, adzazolowera. Ndipo auzeni poyera kuti inunso mukufuna kumva dzina lanu m'nyumba mwanu. "Madamu" si mwano ayi, koma ngakhale oitanira minibasi ku Limbe amakutchani choncho akafuna kuti mukwere.

Ankhoswe a kwanu muwaone tsikulo lisanafike, muwafotokozere zonse, kuphatikizapo mawu a apongozi anu. Si inu woyenera kuwayankha apongoziwo. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe ndi ya mwana wawo, ndipo ngati amuna anu ali munthu amene mwamufotokozayu, mawu amenewo awapweteka. Anansi muwakonze pang'onopang'ono, mukumwetulira, muziti, "Amake a Tamara ali ku Nchalo, ine ndine mayi akutiakuti." Sabata yoyamba zidzakuwawani, kenako mudzapepukidwa. Za kupita padera, ngati simunakaonane ndi dokotala woona za amayi, pitani, ndipo mupite awiri, osati inu nokha.

Tamara asalawe mkwiyo umenewu. Sanasankhe kuti dzina lake likhale loitanira bambo ake, ndipo pa msinkhu wake mtsikana amaona zambiri kuposa mmene akuluakulu timaganizira. Akabwera pa holide mumulandire monga kale.

Amuna anu akamva zonsezi n'kunenabe kuti mwambo ndi mwambo, mundilemberenso, chifukwa pamenepo nkhani idzakhala itakula kuposa dzina. Koma musawaweruze musanawauze.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi ichi. Loweruka limenelo padzakhala njira yofewa. Adzakufunsani ngati mukuvomera kulakwa, inu mudzagwada n'kunena kuti pepani, a Stafford adzati nkhani yatha, wina adzapemphera, ndipo aliyense adzabwerera kwawo wokondwa kuti wakonza banja. Sizidzatenga ngakhale theka la ola. Musalole kuti zithe choncho. Mukangopepesa osanena chimene chinakupwetekani, onse adzakukhululukirani, ndipo akachoka mudzatsala m'nyumbamo ndi mwamuna amene akuganiza kuti zonse zili bwino.

Aphungu