Chikwama Chimodzi, Alamu Awiri

Lolemba, 4 Malichi
Phewa lakananso. Dzuwa lisanafike pamutu, chikwanje pansi. Kampani ikufuna munthu mmodzi pagulu lathu woti azinyamula chikwama chothandizira ovulala, osadulanso nzimbe. Talembetsa awiri: ine ndi alamu anga a Eliécer, amene mapewa awo ali bwinobwino. Akufunanji? Ine ndikalephera ntchito yatha, za lendi sindikudziwa.

Lachiwiri, 5 Malichi
Maphunziro m'shedi ya mathirakitala. Nesi wake, mayi Nubia, abwera ndi mwendo wa nkhumba wobooledwa ndi mpeni, mkati kapaipi, madzi ofiira m'botolo. Iwo kufinya botolo, iwe kulowetsa bandeji ndi chala mpaka pansi pa bala, kudzaza, kenako kukanikiza osatukula dzanja. Ndafunsa za khofi amene timathira pabala kumunda. "Bambo Wilfrido, munthu si kapu," atero. Onse kuseka, alamu kuposa onse.

Lachinayi, 7 Malichi
Ndikulumbira, ikafika nthawi yanga mayi aja amafinya mwamphamvu. Malaya onse psuu. Ya alamu, timadontho chabe. Nanga mwendo uja madzulo umapita kuti? Dzulo kwa alamu kunkanunkhira nyama yokazinga. Mlongo wanga Yaneth, mkazi wawo, akuti ndi ya kumsika. Chabwino.
Vuto langa ndi kusuzumira. Dzanja limatukuka lokha kuti ndione ngati magazi asiya, monga timachitira kumunda. Alamu satukula ngakhale pang'ono.

Lamlungu, 10 Malichi
Alamu atulukira ndi chidutswa cha matiresi choboola ndi nsanza, akuti tiyeserere. "Alamu, mukangotukula dzanjalo ndilikhalira ndi matako," atero. Ndayeserera, koma diso lili pa iwo. Munthu wolimbirana naye malo angakuphunzitse zoona? Mwina akundisokoneza dala.

Lachitatu, 13 Malichi
Mayeso. Phewa ngati moto, koma dzanja silinasunthe mpaka mayi Nubia atati basi. Kenako alamu. Adzaza bala mwachangu, bwino kuposa ine. Ali mkati mokanikiza atukula dzanja, asuzumira, madzi ofiira mpaka pansapato. Mayi Nubia awayang'anitsitsa. Chikwama ndi changa.

Lachinayi, 14 Malichi
Alamu sanasuzumirepo sabata yonse. Ndawafunsa m'basi ya kumunda. "Dzanja linandiyabwa," basi, n'kutembenukira kuwindo. Mmawa ndinali nditapanikiza Yaneth kuti amuna ake analembetseranji. Akuti kampani inakana kuitana nesi chifukwa cha munthu mmodzi yekha. Manyazi andigwira kwambiri.
Pano ndikulemba ndili pamthunzi, chikwama pamiyendo. Alamu ali padzuwa m'nzimbe zopsereza, phulusa nkhope yonse. Maso anga ali pa mwendo wawo wakumanzere, kumene chikwanje chimathera. Chikangotsika, mtima wanga umatsika nacho.