Dzina Lanu Alikana, Amayi

Tanja, 9 Malichi 2004

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi maondo aja akukuvutanibe ndi chisanu cha kumapiriko? Iwe Drifa mlongo wanga, powawerengera kalatayi usadumphe mawu, ngakhale pamene ndapsa mtima.

Kuno mkazi wanga Zhor akupezako bwino. Khanda likuyamwa moti mayi wake sapuma, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Kudoko ntchito ilipo, kungoti mvula ikutinyowetsa tsiku ndi tsiku.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire mwana tinachita mwambo monga munatiphunzitsira. Nkhosa itagonekedwa, ndinatchula dzina la Mulungu, kenaka la mwana: Tlaytmas, dzina lanu. Anthu anadya, nthungululu inamveka mpaka kumsewu.

Mawa lake ndinapita kukamulembetsa kuboma. Mlembi, bambo wina wa magalasi, anatsegula buku la mayina ololedwa, n'kuyendetsamo chala, ati mulibe. Kenaka anandifunsa ngati limeneli ndi dzina la munthu kapena la mankhwala a chifuwa. Anzake anaseka. Amayi, magazi anga anawira! Ndinamuuza kuti ndi dzina la mayi amene anandibereka, ndipo mapiri athu analimva buku lakelo lisanasindikizidwe. Iye ati lamulo likufuna dzina lachimoroko. Nanga ife ndife a dziko liti? Potenga achimwene Allal kupita nawo ku usilikali, bwanji sanayambe ayang'ana m'buku?

Ndapitako katatu. Ulendo wachitatu anati ndibweretse umboni woti kuli munthu wamoyo wa dzina limeneli. Ndinathamangira kunyumba ndikumwetulira, kukafukula kope la chiphaso chanu lija ndinasunga muli m'chipatala. Nthawi imeneyo sindinaliwerenge n'komwe.

Amayi, palembedwa Fatima.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili padziko, sindinamvepo munthu akukuitanani choncho. Malume Haddu, omwe ali kuno, andiululira kuti malemu bambo atapita kukatenga buku la banja kuboma, mlembi wa nthawiyo anati dzina lanu n'lovuta kulemba, iwo n'kungovomera. Poti simuwerenga, palibe anaona chifukwa chokuuzani. Pepani kuti mukumvera m'kalata, koma sindikanatha kukhala nazo.

Apongozi anga aamuna akuti ndisiye makani, mwana sadya dzina. Ati papepala tilembe Salma, m'nyumba tizimuitana zathuzo. Ndinawayankha kuti nzeru imeneyo bambo anga anaiyesa kale. Zhor ndimamuona akuyang'ana kalendala. Atsala masiku khumi ndi awiri. Akangokwana makumi atatu chibadwire mwana, nkhani ipita kukhoti, ndipo mwana akhala wopanda chikalata mpaka oweruza adzafune. Zikundiopsa, sindibisa. Koma kodi nkhosa ija ndinaphera Salma? Pamaso pa Mulungu ndinatchula dzina limodzi.

Pempho langa ndi ili. Kwerani basi ya Lachinayi la sabata la mawa, Drifa akuperekezeni, ine ndikakudikirani padepoti. Ndikudziwa kuti ulendo ukupwetekani maondo. Koma ndikufuna mukaime pawindo la mlembi uja, akufunseni dzina, muyankhe ndi pakamwa panu. Ngati ndi mwamuna, akuuzeni pamaso kuti munthu wotero kulibe. Mwina akanabe. Akatero, tipita kukhoti tonse, inu, ine ndi mdzukulu wanu kumsana kwa mayi wake.

Mundiperekere moni kwa azakhali a ku Imzuren, achimwene Allal ndi alamu, komanso ana onse. Zhor akupsompsona mutu wanu. Akuti mumutengereko nkhuyu zouma zija.

Pa envelopu ndalemba dzina lanu lenileni. Wa positi sakhala ndi buku, ndipo sanasocherepo.

Ine wanu,

Mohand,
mwana wa Tlaytmas, bambo wa Tlaytmas