Maola Awiri a Lachiwiri Lija

17 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Bambo miyendo ija yayamba kuwalola. Dzulo anayenda okha mpaka pageti, n'kubwerera akukalipa kuti tawabisira ndodo. Denga la kukhitchini tinakonzetsa, koma mmisiri wake anatseka chibowo chimodzi n'kutisiyira china pomwe panalibe, moti mvula ikagwa timangosuntha beseni.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndayesa katatu kukuimbirani, koma mukangoti, "Mzime, zikuyenda?" mawu amandithawa, n'kuyamba kukamba za denga. Nkhani yake ndi ya Lachiwiri lija, amayi ali m'chipatala.

Mukukumbuka kuti m'wodi imene anagonekedwa salola mafoni, ndipo abale akutali amalankhula ndi odwala pa tabuleti imodzi ya m'wodimo, aliyense mphindi makumi awiri, atasungitsa nthawi pa intaneti. Mukudziwanso kuti pulogalamu yosungitsira nthawiyo ndinalemba ndine, paja amayi ankauza namwino aliyense mpaka ine kusowa poyang'ana. Chimene simukudziwa ndi ichi.

Nthawi zonse zimene anthu amasungitsa zimakhala m'nkhokwe ya pulogalamuyo, ndipo timazilemba motsatira wotchi imodzi ya dziko lonse. Munthu akatsegula tsamba, pulogalamu imafunsa nkhokweyo, ndipo funsolo liyenera kutembenuza nthawi kuti igwirizane ndi wotchi ya kumene munthuyo ali. Ine sindinatero. Ndinalemba kuti aliyense azionetsedwa nthawi ya kuno, osaikapo ngakhale kamawu konena kuti ndi ya kuno. Mnzanga amene timakhala naye desiki imodzi anandifunsa tsiku lina, "Nanga amene ali kunja?" Ndinamuyankha kapu ya tiyi ili m'manja: "Tidzakonza sabata yamawa, panopa ingoyamba kaye kugwira." Sindinabwererekonso.

Inu polembetsa munafunsidwa dziko limene muli, ndiye munakhulupirira zimene munaona: 10 koloko m'mawa. Munapempha kapitawo wanu kuti akuchotseni pa makina 10 koloko. Koma 10 koloko imeneyo inali yathu. Kwanuko inali 8 koloko, foni mutaitsekera m'loka, inu muli pa ntchito. Mmene munkatsegula, kuno inali 12 koloko, tabuleti ili ndi banja lina, amayi atawatengera kale ku opaleshoni imene sanadzukeko. Simunawerenge molakwa, Achimwene. Munafika pa nthawi imene ine ndinakuuzani.

Tsiku limenelo sindinadziwe. Ndinatuluka pakhonde kukuimbirani kasanu, ndipo ndinakukwiyirani zedi. Pamaliro azakhali atanena pagulu kuti, "Ena akapita kunja, ngakhale mphindi makumi awiri zimawadulira," mumtima ndinawavomereza. Kenako munandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka makapu, n'kunena kuti, "Mzime, ndinalakwa ndine. Ndikanafunsa." Ine ndinati, "Zachitika, Achimwene," ngati ndine woyenera kukhululuka.

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza dandaulo la bambo wina wakutali, amene anaphonyana ndi mkazi wake ndi maola atatu. Ndinatsegula mzere wa pulogalamu umene uli ndi funso lija, ndipo ndinaona pomwepo chimene ndinachita. Kukonza kwake sikunanditengere ngakhale mphindi khumi: kungouza funsolo kuti lizitenga dera la munthu amene watsegula, basi. Ndinawerenga mabanja amene anaphonyana chifukwa cha ine, anakwana khumi ndi awiri. Kwa abwana ndinanena khumi ndi limodzi. Onsewo tinawalembera kupepesa. Lathu ndinalisiya m'thumba miyezi inayi.

Ndinkadziuza kuti ndikudikira mtima wanu ukhale pansi. Linali bodza. Ndinkaopa kuti mudzasiya kunditcha Mzime, ndipo ndinkaopanso maso a bambo. Chandigwedeza ndi alamu. Mwezi watha anandiuza kuti mukaweruka mumakhala m'galimoto pabwalo, osalowa m'nyumba, mukuyang'ana pafoni uthenga umene unakuuzani kuti 10 koloko. Musawakalipire, sankadziwa kuti akuuza mwini mlandu.

Lamlungu ndinawauza bambo. Anasisita bondo. Kenako anati, "Mkulu wako wamuuza?" Ndinati ayi. "Ndiye ukuuza ine kuti nditani? Amene akusenza katundu wako ndi iyeyo." Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Azakhali ndinawapitira Lolemba. Anati, "Iii, za makompyuta zanuzo ine ndizidziwa bwanji?" Koma ndikutuluka anandiitana kuti ndiwalembere nambala yanu papepala, ndi manambala akuluakulu. Akakuimbirani, chonde muyankhe. Kupepesa sakudziwa, mwina angoyamba kukufunsani za nyengo.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ndinakubisirani chifukwa cha mkwiyo poyamba, kenako chifukwa cha manyazi. Mphindi makumi awiri zija ine ndinali pambali pawo. Anandiuza kuti ndiwakweze pa pilo, ndiwadzoze mafuta kumaso. Pa tabuleti pankangooneka nkhope yawo yomwe, ndiye anadziyang'ana n'kuseka: "Koma ndakalamba, mwana wanga andizindikira?" Zitatha mphindi khumi ndinayamba kung'ung'udza za inu. Anandigwira dzanja. "Leka. Mkulu wako sachedwa dala, kuyambira ali mwana. Amugwira ku ntchito." Namwino atabwera kudzatenga tabuleti, amayi sanadandaule. Anangoti, "Ukamuuze kuti juzi ija anatumiza ndi yofunda, ndavala yomweyo. Asamadzipanikize ndi ine, azidya."

Mawu amenewa anali anu kuyambira tsiku lomwelo, ndipo ine ndinalibe ufulu wowasunga.

Sindikupempha kuti mundiyankhe msanga. Ngati mukufuna kukhala chete, khalani, ndimva. Ngati mukufuna kundikalipira, imbani nthawi iliyonse, ndidzayankha. Ndikungopempha kuti mukaweruka muzilowa m'nyumba, ana akukudikirani.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndathokoza. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'ono amene anatenga mphumi ya agogo ake. Bambo akuti moni, akutinso mubwere mukapeza tchuthi, chipinda chanu tachotsamo makatoni. Ine moni wanga ndikuupereka ndi manja awiri, ngati mungaulandire.

Ndine mlongo wanu amene anakulakwirani,

Mzime