Ndege Walumidwa ndi Galu wa a Pitala

Mitundu,
Lilongwe.
17 Novembala 2024.

Okondedwa achimwene a Efulemu,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene inu mumakhala otopa ndi ntchito ku Joni kumeneko. Ndikanaimba foni, koma mukudziwa kuti pafoni mawu amandithawa. Kuno tili bwino. Miyendo ya amayi ikuchitako, ndipo mizere tamaliza, tikungodikira mvula.

Nkhani ndi ya kamba wanu Ndege, amene munandisiyira kuti ndizimusamala. Musadzidzimuke, ali moyo. Koma analumidwa ndi galu, ndipo galuyo ndi wa a Pitala, aja a kabaza wa njinga yamoto amene timaimba nawo kwaya. Chonde werengani mpaka kumapeto musanawakwiyire, chifukwa mkwiyo wanu ndi umene ndikuuopa kwambiri.

A Pitala anabwera kudzabwereka khasu. Masiku ano amabwereka khasu lathu kawirikawiri, kaya lawo linatani. Galu anawatsatira. Tili mkati mokambirana nyimbo za kwaya, tinamva kukukuta kuseri kwa nkhokwe. Galu anali atamupana Ndege ngati fupa. Chigoba chinang'aluka chakumbuyo, pamwamba pa mwendo, magazi ali chuchuchu. Ine sindinkadziwa kuti chigoba chimatuluka magazi.

Amayi anati, "Thira phulusa, mwana iwe, kamba safa wamba." A Pitala anati, "Ayi mayi, tipite naye kwa a Gilibati." A Gilibati ndi aja amawotcherera mabeseni ndi zidebe pamsika. Iwo anamutembenuza Ndege uku ndi uku n'kunena kuti, "Ili ndi beseni la miyendo basi. Dikirani chitsulo chipse, timumata ndi pulasitiki, sadzadonthanso." Koma atakhudza pamng'alupo ndi chala, Ndege anakoka mwendo n'kupuma mwamphamvu. Achimwene, ine amene sindiyankhula pagulu ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Pepani bambo, akumva kuwawa." Ndinamulanda n'kumukulunga m'chitenje. A Gilibati anakuwa kuti, "Ndiye mupite naye kuchipatala akamupatse bedi ndi phala!" Msika wonse unaseka, ine nkhope ili pansi.

Alangizi a ziweto a kuno anali kumaliro, choncho a Pitala ananditenga pa njinga mpaka ku Nathenje. Sanathamange, ankazemba dzenje lililonse ngati anyamula mazira. Dzanja limodzi ndinagwira Ndege, linalo ndinagwira chitsulo chakumbuyo kwa mpando, osati iwowo. Musaganize zina.

Ku Nathenje tinapeza alangizi aakazi. Atatsegula chitenje anaseka, amvekere, "Ng'ombe ndaziona, mbuzi ndaziona, koma lero mwandibweretsera madala!" Atamva za chitsulo chamoto anasiya kuseka. Anati chigoba ndi fupa lamoyo, ndipo m'kamwa mwa galu mumakhala tizilombo, ndiye tikanamata tikanatitsekera mkati, kamba n'kuwola ali moyo. Anatsuka bala ndi madzi owiritsa atazirala, othira mchere pang'ono, kenako ayodini wosungunula mpaka kuoneka ngati tiyi wosapsa. Anaphimba ndi kansalu koyera n'kumubaya jakisoni. Anandiuza kuti ndizitsuka chimodzimodzi tsiku lililonse, asayende padothi, asanyowe, akhale pofunda koma posawomba dzuwa lamphamvu. Chachikulu ndi ntchentche, chifukwa zikatera pabala zimasiya mphutsi. Ndinawapempha kuti abwereze zonse kuti ndisalakwitse.

Panopa Ndege akukhala m'beseni louma m'chipinda mwanga, pamwamba ndaphimba ndi chidutswa cha neti yakale. Masiku oyamba sankatulutsa mutu ngakhale pang'ono, ndipo nanenso chakudya sichinkalowa. A Pitala akhala akubwera m'mawa uliwonse asanapite kusiteji, ndi chisoso ndi bonongwe m'manja. Amanjuta n'kumunyengerera kuti, "Idyani bwana, mundichotse manyazi." Galu anamumanga, kuno sapondanso. Dzulo anabweretsa papaya wakupsa. Ndege ananunkhiza, kenako anatambasula khosi n'kuluma! Amayi analulutira ngati kwabadwa mwana, mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa.

Sindikubisirani, chipsera chikhalapo, ndipo mwendo umodzi akuukokabe pang'ono. Alangizi akuti chigoba chimapola mochedwa, tibwererenso akamuone.

Pali kankhani kena kakang'ono. A Pitala akuti amalume awo akufuna kubwera kudzacheza. Chimene akufuna kudzacheza sindikuchidziwa bwinobwino. Amayi akungomwetulira, ndipo akuti pakhomo pano sipangachitike kanthu musanayankhule inu. Ine sikuti ndikufulumira ayi. Ndimangofuna mudziwe kuti galu ndi amene analuma, ndipo munthu amene amanjutira kamba si munthu woipa.

Amayi akupereka moni wambiri, akuti muzivala zofunda ngakhale kukutentha. Ndege naye akupereka moni ali ndi papaya kukamwa. A Pitala anandipempha kuti ndilembenso moni wawo, koma ndawauza kuti moniwo udikire kaye mawu anu. Chonde achimwene, yankhani msanga, ndausunga ndipo ukundilemera.

Ndine mlongo wanu,
Alinafe.