Lebulo ya ku Joni pa Diresi Langa

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Malebulo anga afika kuchokera ku Limbe. Tinsalu toyera, zilembo zofiira: NELIA, LIWONDE. Ndatiyala pathebulo ngati usipa pathandala. Koyamba ndakasoka pakolala ya shati ya aphunzitsi ena, ndakayang'ana katatu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusoka pakhonde pano, anthu kumangoti "mayi uja wa pafupi ndi mlatho". Tsopano adziwa kuti mayiyo ali ndi dzina. Dzuwa loswa mtengo. Magetsi athima m'mawa. Makina anga ndi opalasa, zimenezo sizindikhudza.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kwabwera Nafisa, mtsikana uja ndidamusokera yunifolomu ya kusekondale, pamodzi ndi Abiti Umar, mayi a mwamuna amene akumukwatira. Ukwati pa 19. Mwamunayo, Ahmed, amagwira ntchito ku Joni, afika sabata yamawa. Diresi adatumiza kale pa matransipota. Alitulutsa m'jumbo, koma abale! Lopanda manja, msana wonse pamtunda, m'chiuno silikudutsa. Mnyamatayo adagula akuganiza Nafisa wa zaka zitatu zapitazo. Amuna! Nsalu yake yokanda ngati chiguduli.

Ndawauza kuti silingakonzeke, tisoke latsopano. Avomera. Mtima wanga mbee. Kudzakhala anthu a ku Ntaja, a ku Ulongwe, a ku Balaka komwe. Onsewo adzaona ntchito yanga.

Lachinayi, 10 Okutobala

Abiti Umar abweranso, okha. Akhala pabenchi nthawi yaitali, za kutentha, za miyendo yawo, kenako nkhani yeniyeni. Adauza kale mudzi wonse kuti diresi likuchokera ku Joni. Akufuna ndichotse lebulo ya diresi lija ndiisoke pa langali. Yanga isaoneke. "Amayi odzamuveka aja amatembenuza pakhosi kuti awerenge, mukuwadziwa inu. Musandichititse manyazi, mwanangu."

Ndati ndiganize kaye. Atachoka ndakalipira sizasi yosalakwa. Manyaziwo ndine? Dzina langa ndi litsiro? Kaunjika adatizunguza mitu, Joni ndiye watimaliza. Ndakwiya, sindinama. Zipi imodzi ndasoka kawiri.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ku Misa sindinamve kanthu, maso pa makolala a anthu okhala kutsogolo. Masana ndapita kumlatho. Mvuu ziwiri, kamphepo kabwino, chimanga chootcha. Mkwiyo watsikako.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku loyesa. Lesi ya kirimu, manja aatali, timikanda pachifuwa ndi m'mphepete mwa mpango wakumutu. Pamaso pa Mulungu, sindinasokepo chinthu chokongola chonchi. Nafisa atadziona pagalasi wangogwira pakamwa.

Apongozi ake atatuluka kukafuna kabaza, ndamufunsa kuti mwini wakene akufuna chiyani. Wati: "Ine ndikadakonda dzina lanu, anti. Koma Ahmed akuchita manyazi moti foni sakuyankha. Anzake akamva adzamuseka mpaka imvi. Ndiyambe banja chonchi?"

Mwanayu ndidamuyeza ali ndi mawondo otuwa.

Ndatenga lezala, ndachotsa lebulo ya eni ake ija, ndaisoka pakhosi pa diresi langa. Pamanja, timisoko tating'ono, mowongoka. Bodza likakhala langa lisakhale lopindika. Yanga ndabwezera m'kabotolo.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndinapita, nanga ndikanatani. Nafisa ngati mwezi. Ahmed wowonda, suti yomukulira, kuseka mano onse panja. Nditamuona mtima wanga unafewa.

Pakudya, mayi wina pambali panga: "Mwaona manjawo? Zinthu za ku Joni sizinama. Matelala athuwa angathe zimenezi?" Ndinameza mpunga, nawo mawu anatsikira komweko. Abiti Umar anadzandiwonjezera nyama ya mbuzi okha, ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso. Anangoti m'Chiyao, "Sikomo," basi.

Diresi silinakwinyike paliponse, ngakhale pogwada. Ndinaliyang'anira tsiku lonse ngati mwana wanga ali m'manja mwa eni. Ndinavina mpaka nsapato kundiluma. Ndinasangalala, zoona, ngakhale penapake pankawawa.

Lachitatu, 23 Okutobala

Kunja kwachita mitambo koma mvula iyayi. Ndamaliza masiketi atatu, onse ndi dzina langa kumbuyo.

Chakumasana kwabwera mtsikana wa ku Ntaja, Zaina, ukwati wake mu Disembala. Watulutsa foni, wandionetsa chithunzi. Diresi la Nafisa. Wakulitsa ndi zala kuti ndione bwino timikanda tija, tomwe tinandiboola chala ichi.

"Ili ndi la ku Joni, mayi. Ndikudziwa kuti kuno simungafikepo, koma mungofanizirako."

Mwayi ndinali ndi mapini pakamwa. Ndawachotsa limodzilimodzi, mpaka lilime litazizira. Ndati ndiyesa, koma pakhosi padzakhala dzina langa. Wati zilibe kanthu, bola lifaneko.

Ndamuyeza. Pochoka wafunsa ngati anditumizire chithunzicho kuti ndizionera posoka, ndingasokoneze.

Ndati tumizani.