Zimene Adokotala Ananena

Neno
14 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Anesi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kuzizira kwafika. Ine ndilipo, kungoti ndatopa, mutu ndi makutu omwe.

Munamva kuti kuchipatala anandichotsa polemba makadi n'kundiika kuti ndizitanthauzira mayi wachizungu, dokotala amene anabwera chaka chino. Anandisankha poti Chingerezi changa cholemba n'chabwino. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti akamayankhula ndimatolapo mawu atatu pa khumi. Kusukulu Chingerezi tinkachiona pabolodi chili duu, koma cha mayiwa chimathamanga ngati madzi a m'ngalande. Ndiye mukudziwa mmene tinakulira, wamkulu akamayankhula sumuyang'ana kumaso, sumubwerezetsanso mawu. Ine ndimangoweramitsa mutu n'kuvomera, zotsalazo ndimadzaza ndekha.

Musaganize kuti sindikuyesetsa. M'mawa ndikamasesa ndimatsegula nkhani za Chingerezi pawailesi. Ndikapita kuboma, komwe netiweki imagwira, ndimakopera zokambirana pafoni n'kumamvera kachidutswa kamodzi kasanu, kenako kulemba zimene ndamva. Pafonipo ndimamva ndithu, poti foni ndimaibweza osachita nayo manyazi.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera a Jailosi, bambo wachikulire wodwala kuthamanga kwa magazi. Adokotala anayankhula nthawi yaitali, ine n'kumvapo za mapiritsi ndi za m'mawa basi. Ndinawauza a Jailosi kuti mapiritsi atsopano amene anapatsidwa azimwa m'mawa uliwonse. Lachinayi, ndikulongosola mafayilo, ndinawerenga zimene adokotala analemba, kuti mapiritsi amene ankamwa kale asiye. Achemwali, pomwepo ndinasiya mafayilowo n'kunyamuka. Ndinakwera phiri maola awiri mpaka kwawo, ndipo ndinawapeza ali chigonere ndi chizungulire, atagwa kale kamodzi kudimba. Ankamwa mitundu yonse iwiri.

Akazi awo, a Maria, anati, "Mwana wanga, mpaka kutilondola kuno eti? Achipatala a masiku ano muli ndi chikondi." Anandimangira manachesi m'jumbo, ine n'kulandira ndi manja awiri, osawauza kuti amene anawagwetsa amuna awo ndine. Njira yonse yobwerera ndinkadziona ngati mbala.

A Jailosi tsopano akupezako bwino, koma ine mtima sunakhale m'malo. Lero ndinalemba zonse papepala, kuti chibwerereni sindimawamva bwino ndi kuti ndinatsala pang'ono kupha munthu, n'kuwapatsa adokotala pamanja. Anawerenga kawiri, anavula magalasi, n'kuyankhula motsitsa mwina mphindi zisanu. Mawu awo sanamveke okwiya, komanso kumaso sindinawayang'ane kuti ndidziwe. Ndinatolamo dzina langa ndi tsiku la Lolemba. Atamaliza anandifunsa ngati ndamva.

Achemwali, ndinavomera.

Ndiye ndikulemba pano sindikudziwa ngati ntchito yatha kapena andikhululukira. Mukhoza kuseka, inenso ndinaseka nditafika kunyumba, kenako ndinalira. Lolemba ndilawira ngati masiku onse, ndipo ndikapeza kale odwala atandanda pabenchi, aliyense akudikira kuti ndimuuze zimene adokotala anena.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mukamapemphera musavutike ndi za ntchitoyo. Mundipempherere kuti ndikathe kudzutsa mutu n'kuwauza kuti abwereze.

Ndine mng'ono wanu,
Mailesi