Botolo Limene Mng'ono Wanu Sanataye

Okondedwa alamu,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi bambo a kunyumba ndi ana onse? Mwendo uja munkadandaula nawo unasiya kutupa? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mng'ono wanu mphamvu zikubwerera tsiku ndi tsiku, ndipo mwana lero wakwanitsa masabata atatu. Amayamwa ngati wauzidwa kuti mawa kulibe. Mphuno watengera yanga, pepani, panalibe chimene tikanachita.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Nkhani iyi ndayesa kuiyamba pa foni kanayi konse, koma mukangoyankha ndi mawu anu aja ndimayamba kukufunsani za mvula. Ndiye ndati bola pepala, siliyang'ana munthu m'maso.

Choyamba ndi kuthokoza. Ndinu amene munamugwira dzanja mng'ono wanu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo n'kupita naye kuchipatala, nthawi imene ankalephera ngakhale kukwera basi chifukwa cha mtima kugunda ndi mpweya kubanika. Ena ankati ndi mantha achibwana, inu munati ndi matenda a nkhawa ndipo ali ndi mankhwala ake. Ukwati wathu usanachitike munandikhazika m'khitchini mwanu n'kundiuza kuti kapiritsi kamene amamwa m'mawa uliwonse ndisadzasewere nako. Ndinavomera ndi mutu, mukukumbukira.

Ntchito yanga mukuidziwa, yopopera mankhwala a mphemvu, nsikidzi ndi chiswe m'nyumba za anthu. Ndisanatsegule botolo lililonse ndimawerenga kapepala kake mpaka timalemba tating'ono ta pansi, ndipo zimene ndawerenga sindiiwala. Ndikafika pakhomo, pampu isanatsike kumsana, funso langa loyamba limakhala lakuti kodi muno muli mayi woyembekezera? Akakhalamo amatuluka, ndipo sabwerera mpaka mazenera atakhala otsegula tsiku lathunthu. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikutero, ndipo ndinkanyada nazo.

Tsiku limene mng'ono wanu anandiuza kuti ali ndi pathupi, ndinavina m'khitchini mpaka kugunda chidebe cha madzi. Linali Loweruka m'mawa. Iye atapita kuntchito kwake kosoka mayunifolomu, ine ndinayamba kuyeretsa nyumba monga ndimadziwira. Ovololo, magolovesi, pampu, zonse ndinakaziika m'kachipinda ka kuseri. Ndinachotsa ngakhale mankhwala otsukira m'bafa.

Kenako maso anagwera pa shelefu ya pamwamba pa sinki, kuseri kwa chitini cha masamba a tiyi, pamene pankakhala botolo lake la mapiritsi. Ndinatulutsa kapepala ka m'kati n'kuwerenga. Panali mzere wonena kuti amayi oyembekezera afunse dokotala. Alamu, ku ntchito kwathu mawu otere amatanthauza kuti tulukani, thawani.

Ndinatenga botolo lija n'kukaliika m'bokosi langa lachitsulo, limodzi ndi mankhwala a mphemvu, n'kutseka loko.

Mundifunsa chifukwa chimene sindinamuuze. Ndinaganiza kuti munthu wa nkhawa ukamuuza kuti mapiritsi ake angapweteke mwana, wamuwonjezera nkhawa ina pamwamba. Ndinaganizanso kuti zaka zonsezi wakhala bwinobwino, akuseka, akukwera mabasi, ndiye kuti anachira kale. Sindinaganize kuti akukhala bwino chifukwa cha kapiritsi komweko. Nzeru zanga zinathera pamenepo.

M'mawa mwake anafunafuna botolo. Anatsitsa zonse pa shelefu, anakhuthula chikwama chake pa tebulo, anasuzumira kuseri kwa mbaula. Apa ndi pamene dzanja likundilemera polemba: ine ndinamuthandiza kufuna. Ndinanyamula naye matiresi, iye mbali iyi ine mbali iyo, kiyi wa bokosi ali m'thumba langa.

Pomaliza anati mwina analitaya ndi zinyalala osazindikira. Ndinamuuza kuti mwina zachitika bwino, adikire tsiku lake loyamba sikelo, lomwe linali patsogolo masabata atatu. Anavomera, chifukwa nayenso mumtima ankaopera mwanayo.

Tsiku lachinayi anayamba chizungulire. Ankati akatembenuza mutu amamva ngati magetsi amugwira m'kati. Chakudya chinamukana, tulo tinathawa, thukuta linkangotuluka atakhala pansi. Ine katswiri ndinkamuuza kuti ndi mmene pathupi pamayambira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, ndili pakati popopera m'sitolo ina, abwana ake anandiimbira kuti ndithamange. Ndinamupeza pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, atakumbatira mwendo wa tebulolo, zidutswa za nsalu zili m'tsitsi. Makina onse anali atazimitsidwa, anzake atamuzungulira. Ankangobwereza kuti akufa, ndipo mwana afera naye limodzi. Sindinamuonepo ali choncho, chifukwa ine ndinamudziwa inu mutamuthandiza kale.

Titangofika kunyumba munaimba. Sindikudziwa chimene chinakuuzani, popeza silinali Lamlungu. Munangomva mawu ake n'kumufunsa ngati akumwa mapiritsi. Atayankha kuti anawataya, munamukalipira koopsa. Munati kusasamala kwake n'kwakale, anali kutaya nsapato kusukulu, tsopano akufuna kukhala mayi wa munthu koma akulephera kusunga botolo limodzi. Ine ndinali chapafupi, ndikumva zonse, koma sindinaulule.

Kenako munati foni apatse ine. Munandilamula kuti ndipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa, osati tsiku la sikelo. Alamu, ukali wanu wa tsiku limenelo ndi umene unatipulumutsa. Ndidzakuthokozani mpaka ndidzafe.

Tinapeza dokotala wamkazi, wa imvi pang'ono, magalasi ake olendewera pa chingwe. Anafunsa dzina la mankhwala ndi mphamvu yake. Mng'ono wanu mutu sunkagwira, anangoti toyera, tozungulira, n'kuyamba kulira. Ine osaganiza ndinatchula dzina lonse, mamiligalamu ake, tsiku lotha ntchito, mpaka mzere uja wa amayi oyembekezera, liwu ndi liwu.

Mng'ono wanu anasiya kulira n'kundiyang'ana. Amadziwa kuti kapepala kaja kanali kopinda m'kati mwa botolo, ndipo ine sindinakagwirepo chikwatirane. Dokotala anavala magalasi n'kundifunsa kumene botolo lili. Ndinanena.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa. Iwo anangopumira m'mwamba n'kuti, "Bambo, kapepalako kanati funsani dokotala. Sikanati bisani."

Safunsa anadya phula, alamu, ndipo ine ndinadyetsa mkazi wanga.

Anatikhazika pafupifupi ola lathunthu kutifotokozera. Sanatinamize kuti mankhwala ndi madzi akumwa. Anati alipo ena a nkhawa amene mayi akakhala woyembekezera amamusinthira kapena kumuchepetsera pang'onopang'ono, ndipo alipo ena amene amapitiriza. A mng'ono wanu anati ali m'gulu la amene amayi ambiri oyembekezera amwapo ndipo madokotala awatsatira kwa nthawi yaitali. Chiopsezo chilipo koma n'chochepa, ndipo amachiyang'anira. Choopsa chimene anachiona tsiku limenelo chinali kusiya mwadzidzidzi. Anati mayi wosadya, wosagona, wokhala ndi mantha tsiku lonse, mwana wake nayenso sali pabwino. Kuyeza mbali ziwirizi ndi ntchito ya dokotala pamodzi ndi mayiyo, osati ya mwamuna yekha ali pa sinki.

Anamuyambitsanso ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Anamulembera kuti azibwera mwezi uliwonse, komanso azikacheza ndi mlangizi amene anamuphunzitsa kapumidwe mantha akamabwera. Botolo lakale anati lisayandikirenso pakamwa pa munthu popeza lagona ndi mankhwala a mphemvu, ndikalipereke ku famase, kolandirira mankhwala, akalitaye. Ndinalipereka nditavala magolovesi, mayi wa pa famasepo akundiyang'ana ngati wopenga.

Pobwerera mng'ono wanu ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Masiku awiri sanandilankhule. Lachitatu lake ndikutsuka mbale anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Kubisako ndikukumvetsa, munkaopera mwana. Koma munanyamula nane matiresi."

Ndinalira, alamu. Bambo wamkulu, thovu lili m'manja.

Ndinafuna kukuimbirani nthawi yomweyo, iye anakana. Anati akukudziwani, mukwera basi ya tsiku lomwelo kudzandiswera pampu pamutu, ndipo iye panthawiyo ankafuna mtendere kuposa chilungamo. Anati nkhaniyi idikire mwana abadwe. Ine ndinavomera msanga kwambiri, ndipo sindinama, zinandikomera.

Choncho miyezi isanu ndi iwiri wasenza mlandu wanga. Lamlungu lililonse mumayamba ndi kumufunsa ngati wamwa, n'kuwonjezera kuti asatayenso. Iye amangoti ndamwa asisi, akundiyang'ana ine.

Mwana anabadwa bwino monga tinakuuzirani. Chimene sitinakuuzeni n'chakuti masiku awiri oyamba ankanjenjemera pang'ono timanja ndi kulira pafupipafupi. Dokotala anali atatichenjeza kale kuti zimenezi zimachitika, ndiye anamwino anamusunga masiku atatu akumuyang'anira. Ine ndinkangozungulira pa khonde. Tsiku lachitatu zinatha zokha, anatitulutsa. Za kuyamwitsa tinafunsanso, ulendo uno ndinafunsa ndine, ndipo anati apitirize zonse ziwiri, kuyamwitsa ndi mapiritsi, iwo azimuona mwanayo ku sikelo.

Dzana phukusi lanu linafika. Zikomo chifukwa cha timalaya ndi kabulangeti, kamuyenera bwino. Pansi pake tinapeza kabokosi ka pulasitiki kaja ka zipinda zisanu ndi ziwiri, kosungiramo mapiritsi a sabata, ndi kapepala kanu kakuti n'ka munthu wotayataya zinthu. Mng'ono wanu anaseka. Anaseka ndithu, kenako kusekako kunasanduka misozi, mwana ali kubere.

Atamugoneka mwana anatenga kabokosiko, pepala ili ndi cholembera, n'kuziika pa tebulo patsogolo panga.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mng'ono wanu sanataye kanthu. Zaka zisanu ndi chimodzi sanadumphe tsiku ngakhale limodzi, kupatula masiku asanu ndi anayi aja, ndipo amenewo ndi anga. Mawu munamuuza tsiku lija, a nsapato za kusukulu ndi zina zija, mwini wake ndine. Sindikuti munalakwa, munalankhula malinga ndi zimene munauzidwa. Ndikungopempha kuti muwachotse pa iye muwaike pamene ayenera kukhala.

Kabokosiko tikukagwiritsa ntchito. Kakukhala pa shelefu yomwe ija, ndipo amadzaza yekha. Ine ntchito yanga ndi kubweretsa madzi.

Bwerani mudzaone mwana, alamu. Pampu ndaisiya poonekera, ngati mudzaifune. Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba, kwa ana, ndi kwa azakhali mukapita kukawaona. Mulungu amene anakuimbitsani foni tsiku losakhala Lamlungu akusungeni ndi kukupatsani moyo wautali.

Mukaimba Lamlungu lino, musayambe ndi kumufunsa ngati wamwa. Muyambe ndi ine, foni ndidzayankha ndekha.

Ndine mlamu wanu,
wopopera mphemvu uja.